Kaseti Imene Ndinapala ndi Tupa

Ku Doha kuno, chaka chija cha korona, anatitsekera mu kampu ngati nkhuku za chitopa. M'mawa basi inkatitenga kukalondera nyumba zazitali za ku West Bay zomwe munalibe munthu, madzulo n'kutibweza. M'chipinda mwathu munali anyamata awiri, Idrisa ndi Mavuto, amene analibe nkhani ina koma ya makina a magemu awiri atsopano omwe ankati atuluka kumapeto kwa chaka. Uyu akuti awa ndi amphamvu, uyo akuti ayi, awo ndiye othamanga. Anthu oti ngakhale chingwe chake sakanachikwanitsa. Tsiku lina ndinapsa mtima, ndinati khalasi, basi zakwana, tsekani pakamwa, nkhani ya makina amphamvu ine ndinaiphunzira ndi matako.

Ndinali Sitandade 7, ku Bangwe. Bambo anga anali telala, ndipo atatha zaka zinayi ku Joni anatsika basi ku Limbe ndi makatoni awiri amene sanalole kondakitala kuwakhudza. M'katoni yaikulu munali TV, yoonera matepi ndi kupweteketsa mtima aneba, chifukwa wailesi ya kanema kwathu kunalibe. M'yaing'ono munali makina a gemu, akuda, olemera ngati njerwa ziwiri. Bambo ankati mwini sitolo anawatsitsira mtengo kwambiri chifukwa anawakonda nkhope. Nkhope! Anali munthu wabwino, Mulungu awakhululukire, koma nkhope yawo sinali yotsitsira mtengo wa chinthu.

Makinawo anabwera ndi chogwirira chimodzi ndi kaseti imodzi. Gofu. Ana a ku Bangwe, oti mpira wathu unali wa mapepala omanga ndi luzi, tinakhala pa simenti kuonera mzungu wa chipewa choyera akuyeza mphepo. Ndisaname, zithunzi zake zinali zokongola. Udzu wake mbuzi ikanaulumphira. Ukamenya kampira, anthu osaoneka ankaomba m'manja mwaulesi ngati ana a sukulu owaimika padzuwa kudikira alendo. Kwa masabata awiri ndinali bwana. Ndinkasankha wolowa m'nyumba ndi wosuzumira pawindo.

Kenako masitolo a amwenye ku Limbe anadzaza timakina ta pulasitiki, topepuka ngati chikho. Anthu ake pa TV anali a makona anayi, nyimbo zake ngati udzudzu. Koma timakinato tinali ndi zogwirira ziwiri, ndipo makaseti ake achikasu anali mbwee: karate, ndege, galimoto, mpira. Chachikulu n'chakuti kaseti ya kamakina aka inkalowanso mu kamakina ka mnzako. Lachisanu tikatuluka kumzikiti tinkakumana kuseri kwa chigayo kusinthana. Lamulo linali limodzi: kaseti kwa kaseti, kubweza Lachisanu linalo. Wopanda kaseti analibe mawu. Ine ndinkabwera ndi gofu wanga wakuda uja, amene sankalowa paliponse koma kwathu, ndipo palibe ankamuyang'ana. Anandipatsa dzina, Bwana Gofu.

Mkwiyo ndinabadwa nawo, sindinaupeze ku Qatar. Tsiku lina ndinalephera kupirira, ndinati, "Tanuto ndi zidole. Makina a kwathu ndi a ku Joni, amadya kaseti iliyonse."

Saidi, mwana wa dalaivala wa lole, anandiyang'ana nthawi yaitali. Anatulutsa kaseti ya karate, yomwe inali ya mkulu wake, n'kundiika m'manja. "Tenga, Bwana Gofu. Mawa tibwera tonse tidzaone akudya."

Loweruka m'mawa bambo anapita kukasoka pakhonde la sitolo, mayi anapita kumaliro. Ndinayesa kaseti ija. Inali yotambalala kuposa pakamwa pa makina ndi chala chimodzi. Munthu wanzeru akanabweza n'kuvomera kuti ananama. Ine ndinaganiza ngati mwana wa telala: chimene sichikukwana, uchepetse. Ndinatenga tupa imene bambo ankanolera sizasi, ndinakhala kuseri kwa bafa, n'kuyamba kupala mbali zonse ziwiri. Fumbi lachikasu linadzaza kabudula, pulasitiki akutentha zala. Nditayesanso inalowa theka. Theka linalo ndinalimaliza ndi chidendene cha nsapato ya bambo. Inalira khwa! ndipo ine ndinati ndiye kuti yakhala.

Anabwera anyamata asanu ndi anayi, mapazi ali tuu, n'kukhala pansi mwaulemu ngati pa mlandu. Ndinayatsa. TV inabiriwira yonse. Makina anang'ung'udza ngati njuchi ili m'botolo, kenako kautsi kanatuluka pang'onopang'ono, fungo ngati la tayala. Saidi analumpha kukoka kaseti, m'manja mwake munatsala chikhokho chokha, zam'kati zili momwemo. Wina kumbuyo anati, "Koma adyadi." Anatuluka akugwa ndi kuseka mpaka kumsewu.

Bambo anandikwapula ndi rula yawo yamatabwa yoyezera nsalu, ndipo mkwapulo uliwonse ankati, "Za ku Joni!" Mkulu wake wa Saidi anandipeza pa mpopi n'kundionetsa karate yense amene anali mu kaseti ija. Koma chimene chinandiwawa kwambiri chinachitika Lolemba. Bambo anakulunga makina m'chitenje, tinapita kwa mkulu wina wokonza mawailesi mumsika wa Limbe. Pa benchi yake panali timakina ta pulasitiki tija tinayi, akutikonza uku akudya chinangwa. Athuwo sanawatsegule n'komwe.

"Che Telala, awa mukanawakwirira ku Joni komweko. Kampani yake inasiya kalekale. Kaseti kulibe, sipeya kulibe. Anakugulitsani maliro."

Bambo anakulunganso makina m'chitenje. M'basi anawanyamula pamiyendo mpaka ku Bangwe. Mayi anawaika pamwamba pa kabati, anawafunditsa kansalu koluka, pamwamba pake n'kuikapo maluwa apulasitiki. Anakhala pamenepo zaka zoposa makumi awiri, ndipo bambo ankawapukuta fumbi mpaka chaka chimene anamwalira.

Ndiye mu kampu muja ndinawauza Idrisa ndi Mavuto kuti mphamvu za makina n'zopusitsira akuluakulu ngati bambo anga. Mwana sagula bokosi, amagula zimene zili m'bokosi ndi anzake oti asewere nawo. Kampani yochenjera imagulitsa bokosilo motchipa, ngakhale kuluza kumene, kuti lilowe m'nyumba zambiri, chifukwa opanga magemu amatsata kumene kuli anthu, ndipo anthu amatsata kumene kuli magemu. Kampani yopusa imapanga chinthu chokongola, chodula, n'kutseka pakamwa pake kuti pazilowa zake zokha, kenako n'kudabwa kuti ana onse ali kuseri kwa chigayo. Idrisa anati, "Amalume, za makedzana izo." Ndinamuponyera silipasi.

Chaka chomwecho lamulo la kuno linasintha. Ankati wantchito angathe kusamukira kampani ina popanda kalata ya chilolezo ya bwana wake. Ine ndinali nditatha zaka zisanu ndi zinayi pa kampani imodzi, ndikudzipala mbali zonse kuti ndikwane: osayankha, osadwala, yunifolomu yothina kukhwapa. Mudiru wathu, bwana wamkulu wa kampani, anatisonkhanitsa padzuwa, mamasiki ali kukamwa, n'kutiuza kuti kampani yake ndi yaikulu, yamphamvu, ili ndi magalimoto atsopano, palibe kwina kumene tingakwane. Ndinamumvetsera bwinobwino. Mwezi wotsatira ndinapereka notisi, anzanga ambiri anali atapereka kale. Tsopano ndimalondera hotela ku Al Mirqab. Ndikamadutsa pa geti ya kampani yakale ndi kuona magalimoto aja ali ndondondo, fumbi lili mbuu, ndimalakalaka mayi anga akanakhala pafupi. Kansalu koluka akadali nako.