Mwini Wailesi

Ku Nabvutika kuli mkulu wina wa dimba la tomato amene nzeru iliyonse ya pansi pano amati ndi yawo. Munthu akanena kanthu kabwino, iwo amagwedeza mutu n'kuti, "Eya, chimenecho ndinayambitsa ndine."

Mdzukulu wawo Olipa atapatsidwa ntchito ya kusukulu yofotokoza kasungidwe ka mtedza, mkuluyu anakoka mpando n'kumuuza zolemba, mawu ndi mawu. "Pansipo ulembe kuti wamva kwa ine."

Pepala linabwerera lopanda malikisi. Mawu onsewo anali a pulogalamu ya alimi ya pa wailesi, imene aphunzitsinso amamvera. Poona Olipa akulira kuti walephera, mkuluyu anavala jekete, ulendo kusukulu.

"Aphunzitsi, mwanayu sanabe ayi. Ndinamuuza ndine."

"Nanga inuyo, bambo, munamva kwa yani?"

Anayamba ayang'ana kudenga. "Wailesiyotu ndi yanga. Mabatire ndimaikamo ndine."

Aphunzitsi analola Olipa kulembanso m'mawu akeake, natchula pulogalamuyo, ndipo anakhoza. Koma mkuluyu mpaka lero amadandaula kuti dzina la mwini wailesi analisiya.