Dzanja la a Silvester, telala wa pa Lizulu

A Silvester anayamba kusoka pakhonde la sitolo ya a Swaleh pa Lizulu akadali mnyamata. Mayunifolomu a ana asukulu, madiresi a ukwati, mathalauza ong'ambika a onyamula matumba a mbatata, zonse zinkadutsa pamakina awo. Mowa sanaulawepo. Kutchalitchi anali mkulu wa mpingo.

Atakula, dzanja lawo lamanja linayamba kunjenjemera, ulusi n'kumakana kulowa m'singano. Poyenda ankakwekweza mapazi, mawu nawo anatsika. Pamsika anthu sanachedwe kugamula kuti ndi kachasu.

Mwana wawo Dailes anawatengera kuchipatala china mumzinda, kumene anawagoneka m'makina ounika ubongo. Chithunzi chinatuluka chopanda chotupa, chopanda bala. Wowaunika, poona mzere wa odwala pakhomo, anangoti, "Ubongo uli bwinobwino, bambo. Kapumeni."

Mawu amenewo ndiwo anawapachika. Akuluakulu a mpingo anawaitanitsa, ndipo amene anatsogolera anali a Raymond, mnzawo wapaubwana.

"Ngakhale makina akuti simukudwala," anatero a Raymond. "Nanga chikukugwedezani n'chiyani?"

Anawatsitsa paudindo tsiku lomwelo. Munthu amene anasokera akuluakuluwo majekete amene anavala pomuweruzapo, palibe ndi mmodzi yemwe anamuikira kumbuyo.

Dailes sanagonje. Anapita nawo kwa dokotala wina, mayi wachikulire, amene chithunzicho anangochiyang'ana pang'ono n'kuchiika pambali. Anawayendetsa m'chipindamo, n'kuwapinda mkono mobwerezabwereza.

"Chithunzi ichi chimangoonetsa maonekedwe a ubongo," anatero dokotalayo. "Sichionetsa timadzi timene ubongo umapanga kuti ulamule thupi kuyenda bwino. Kwa inu, timadzi totchedwa dopamini tikuchepa. Matendawa amatchedwa Parkinson. Sachizika, koma mankhwala othandiza alipo."

A Silvester anafunsa chinthu chimodzi chokha. "Ndiye kuti si mowa?"

"Si mowa, bambo."

Mapiritsi anachepetsa kunjenjemera. Akapezeka, a Silvester amasoka m'mawa, dzanja likadamvera. Akasowa, amangokhala pakhondepo n'kumaonerera magalimoto. A Swaleh, amene sapemphera nawo mpingo umodzi, anakana kupereka malowo kwa telala wina.

Dailes anakafotokozera a Raymond zonse. Iwo anakanda m'mutu nati, "Ifetu tinangotsatira zimene ananena achipatala." Mawu oti pepani sanatuluke, ndipo udindo unali utapita kale kwa wina.

A Silvester amapempherabe kutchalitchi komweko, pabenchi yakumbuyo. Dailes anasiya kupitako.