Ng'ala ya amayi ndi ulemu wathu

Zinayamba mu Julayi. Amayi anga, amene anaphunzitsa sitandade wanu pasukulu ya pa esiteti kuno ku Thyolo kwa zaka zoposa makumi atatu, anayamba kudandaula kuti chiperoni cha chaka chimenecho chanyanya. Palibe amene anadabwa. Kwathu kuno nkhungu imatha kukuta minda ya tiyi sabata yathunthu.

Koma Okutobala atafika, dzuwa likuswa mtengo, iwo ankanenabe za nkhungu. Anasiya kuwerenga Baibulo kumsonkhano wa amayi a mpingo, ati zilembo za masiku ano n'zazing'ono. Munthu akabwera, ankadikira ayambe walankhula kuti amuzindikire. Tonse tinkaona, koma tinangoti ziii. Ambiri a m'dera lino, ngakhale ine ndemwe, tinaphunzira a e i o u m'manja mwawo, ndipo aphunzitsi satsutsidwa. Akati kunja kuli nkhungu, ife tinkayankha kuti ilipodi. Ndimachita nazo manyazi mpaka lero.

Mu Novembala anaphonya sitepe ya pakhonde, nagwa n'kusupuka bondo. Achimwene anga a ku Limbe anagamula kuti amayi asamukire kwawo. Chimwalirire bambo athu, amayi akhala okha m'nyumba yomwe anamanga okha, kudziphikira ndi kusamalira nthochi zawo. Anatiuza mosapsatira kuti ku Limbe adzapita ali m'bokosi. Apo ndinalimba mtima n'kuwauza kuti kunja kulibe nkhungu, vuto ndi maso awo. Sanandilankhule masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinawapeza atavala kale, kabuku ka kuchipatala kali m'manja.

Kuchipatala cha boma tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka masana. Adokotala a maso anawalozera zilembo pakhoma. Amayi sanathe kuwerenga ngakhale chachikulu cha pamwamba.

"Ndi ng'ala, maso onse awiri," anatero adokotalawo. "Imachotsedwa. Mwangochedwa kubwera."

Anatitumiza ku Blantyre, komwe anatipatsa tsiku la mu Januwale. Miyezi yodikirayo ndinakhala kwa amayi, koma kukhitchini ankandilola ngati mlendo basi.

Opaleshoni ya diso lamanja sinathe ngakhale ola. M'mawa mwake namwino atamasula bandeji, amayi anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti imvi zonsezi zinandimera liti. Ndinaseka misozi ikutsika. Achipatala anawapatsa mankhwala odonthezera m'diso, n'kuwaletsa kuwerama, kulima ndi kukhala pautsi. Lamulo la khasulo ndi limene linavuta, moti ndinakabisa makasu onse kwa aneba. Diso lamanzere analichita opaleshoni mu Epulo.

Lero amayi apitirira zaka makumi asanu ndi atatu, ndipo akadali m'nyumba yawo. Amavala magalasi powerenga pokha. Loweruka lililonse adzukulu amabwera ndi makope, iwo n'kumachonga ndi bolopeni yofiira, osanyengerera. Za ku Limbe achimwene anasiya kutchula. Ife mitima ili m'malo.

Kwa inu amene muli ndi makolo, mukaona kuti ayamba kupapasa zinthu kapena kusazindikira nkhope, musadikire kuti agwe. Auzeni zoona, apsa mtima masiku awiri, kenako mupite nawo kuchipatala. Ife tinkati tikuwalemekeza, pamene amayi ankachita khungu tikuyang'ana.