Mzere wa Aphunzitsi pa Mapu a Dedza

Lula ya aphunzitsi inali yathabwa, yobenthuka kumapeto. Lolemba lina m'mwezi wa Juni, belu la m'mawa litangolira, anaigoneka pa mapu a Dedza amene anajambula pabolodi, n'kulemba mzere ndi choko. "Kuno Chichewa," anatero, "uko Chiyao." Kwathu ku Kasina kunagwera mbali ino. Kwawo kwa bambo, cha ku Mayani, kunagwera mbali inayo.

Bambo anali telala, mkamwini pamudzi pathu. Anachoka ndi makina awo chimanga chisanache, osabweranso, ndipo palibe amene anandiuza chifukwa. Tsiku limenelo ndinaganiza kuti ndachipeza: mzere uja wawatsekera.

Chisanu chonsecho sindinakhazikike. Ndimakumbukira nkhungu ya m'mawa, ming'alu yakumapazi, fungo la mapesi akupsa. Ndinkaimitsa anthu onyamula mbatatesi panjinga n'kuwafunsa ngati pamzerepo pali chipata. Ankangoseka. "Iwe, ukuzungulira chiyani ngati nkhuku yofuna kuikira?" ankatero amayi.

Loweruka lina ndinazemba n'kutsatira azimayi opita kumsika wa Mayani. Njira yonse maso anali pansi, kufunafuna laimu wonga wa pabwalo la mpira, kapena mpanda. Ndinangoona fumbi ndi ndowe. Pamsika, mayi wogulitsa tomato ankaitana ena m'Chiyao, ena m'Chichewa, pakamwa pomwepo.

Bambo ndinawapeza pakhonde la sitolo, akupalasa makina.

"Bambo, mzere kulibe," ndinatero. "Ndayang'ana njira yonse. Tiyeni kwathu."

Mapazi awo anaima. Sanafunse kuti mzere wanji. Anandisokera batani limene linathothoka pamalaya, anandigulira chigumu, kenaka anandikweza panjinga ya munthu wobwerera kwathu. "Ukawapatse moni amayi ako," anatero. Koma amalume, mlongo wawo wa amayi, bambo sanawatchule.

Lero ndikudziwa. Amalume anawalanda bambo dimba limene bambowo anathyola ndi manja awo, n'kuwauza pamaso pa anthu kuti mkamwini alibe nthaka. Aphunzitsi sindiwaimba mlandu; anangophunzitsa zimene nawonso anaphunzitsidwa.

Koma madzulo amenewo ndinafika wokondwa, ngakhale amayi anandithyolera kamtengo. Ndinali nditawauza bambo kuti njira ndi yotsegula. M'mawa mwake, anthu akukonzekera za ku Misa, ndinatenga tsache n'kusesa pakhonde, pamalo pamene makina awo ankakhala.