Dzino la Atate

Nyengo yozizira ija ndinali ndi dzino logwedera, atatenso anali ndi lawo. Langa linali la ubwana, lam'munsi, ndipo ndinkangoliseweretsa ndi lilime tsiku lonse. La atate linali lakutsogolo, lam'mwamba, pamalo enieni pamene lipenga limatsamira. Atate, amene anthu ankawatcha ba Sakala, ankatsogolera bandi ya jazi ya pakilabu ya antchito a m'fakitale, ndipo Loweruka lililonse masana ankaimba swingi m'holo yonunkha polishi. Woimba lipenga amakanikiza milomo pachitsulo, milomoyo imatsamira mano. Dzino likasuntha, nyimbo imasweka. Kwathu ku Nangongwe ngakhale ife ana tinkadziwa zimenezi.

Nyumba yonse inayamba kusamala dzinolo. Amayi analetsa nzimbe ndi chimanga chokazinga kulowa pakhomo. Nshima inkaphikidwa yofewa, nsomba za kumtsinje ankazichotsa minga zisanafike pambale ya atate. M'mawa, nkhungu ya mtsinje wa Kafue itasakanikirana ndi fungo loswa mphuno la kufakitale ya feteleza, ine ndinkatenthetsa madzi amchere oti achukuche m'kamwa, iwo n'kupaka mafuta pamilomo yong'aluka ndi mphepo. Kuchipatala anawauza kuti lizulidwe. Anabwerako nalo.

Ba Chanda, woimba sakisofoni, ankawaseka pa mayeso a bandi kuseri kwa nyumba yathu. "Ba Sakala, shani, lili bwanji dzino lelo? Timange na waya ya gitala?" Atate ankayankha osawayang'ana: "Iwe samala sakisi yako, ilira monga mbuzi."

Langa ndilo linayamba kugwa. Ndinachita zimene mwana aliyense ankachita: ndinaliponya padenga kuti limere lina, ndipo posakhalitsa kansonga koyera kanatulukadi.

La atate linagwa pa dansi. Panali nyimbo ina imene bandi yonse, kupatula ng'oma, inkaleka pakati kuti lipenga liyende lokha, ndipo anthu ankabwerera malo amenewo. Tsikulo ndinali pabenchi ndi amayi. Atate anaimirira, suti yakuda, lipenga lowala. Liwu loyamba linatuluka bwino. Lachiwiri linali mpweya wokha. Anatsitsa lipenga, nalavulira m'kansalu. Woimba ng'oma anapitiriza kugunda pang'onopang'ono, ndipo ovina, posadziwa chochita, sanaime. Ndinamva chimene sindinamvepo m'holo imeneyo: nsapato za anthu ambiri zikukhwekhwereza pansi popanda nyimbo. Atate anawerenga kugunda kwa ng'oma ndi dzanja mpaka malo awo onse anatha, kenaka analowetsa bandi.

Titafika kunyumba ndinawapempha dzinolo. "Ba Tate, nipatseni niponye pamwamba, lizamera linangu." Anayang'ana amayi, amayi anayang'ana pansi. Anafunyulula kansalu kaja. Ndinaliponya, linalira pamalata, silinagwe. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndinkawauza kuti ayasamule ndione. Ankagwada, n'kuyasamula. Ndinkayang'anitsitsa, n'kuwauza kuti mwina mawa. "Mwina mailo," ankavomera. Tinachita zimenezi mpaka mvula inagwa, ine n'kuiwala.

Anayesa dzino loikirira koma linkaterereka lipenga likakanikiza. Anapitiriza kutsogolera bandi ndi dzanja lokha, ndipo malo a lipenga m'nyimbo ija sanawapereke kwa wina. Ba Chanda anapempha kangapo, anakanizidwa. Anthu anazolowera kuvina m'chete uja, ena obwera kumene ankaganiza kuti nyimboyo inapekedwa choncho. Ntchito zitachepa m'mafakitale, oimba anabalalika. Holoyo lero ndi tchalitchi, ndipo achinyamata amaimbamo ndi kiyibodi imene ili ndi batani la lipenga.

Atate anamwalira kale, nyumba ija muli anthu ena, koma malata ndi omwe aja. Ndikamadutsa pa minibasi maso anga amapita padenga asanandifunse. Ndili mwana ndinkaganiza kuti ndikuwathandiza. Tsopano ndimaona munthu wamkulu amene ankadziwa bwino lomwe kuti sadzaimbanso, akugwada m'mawa uliwonse kuonetsa mwana wake mpata umene unamulanda lipenga, n'kudikira mwanayo amalize kuyang'ana.