Kuluka Pambali pa Bedi la Apongozi

Apongozi anga atagwa ndi sitiroko, abale anakhala pansi m'nyumba mwathu ku Chelstone n'kugwirizana kuti ine ndisiye ntchito. Ndinali kalaliki mu ofesi ina ku Longacres. Amuna anga amayendetsa thiraki, ndipo pakhomo amangofika kudzachapitsa zovala. Alongo awo awiri, wamkulu wa ku Kabulonga ndi wamng'ono wa ku Woodlands, anati ali ndi mabanja awo.

"Ni pang'ono chabe, mulamu," anatero wamkuluyo, "mpaka ba mayo bakayambe kuyenda."

Ba mayo sanayendenso. Thupi linafa mbali ya kumanja, ndipo mawu ochepa amene anatsala anali a Chibemba cha kwawo ku Luapula, chimene ine mwana wa ku Katete ndinkangotolako apa ndi apo. Ndinkawatembenuza, kuwamwetsa phala, kuwasintha. Malovu ankawatsamwa kawirikawiri, choncho ngakhale pa kantemba kukagula buledi ndinkapita chothamanga.

Kuluka ndinaphunzira kusukulu, koma shawelo za timabowo, zopyapyala ngati ukonde, ndinkazionera pa foni magetsi akakhalapo. Mnzanga wa ku mpingo ankandigulira majuzi ovalidwa kale pa salaula m'tauni. Ndinkawamasula, ulusi wake n'kuuviika m'madzi ofunda kuti uwongoke. Kalukidwe kameneka sikafuna maganizo awiri. Ukaphonya bowo limodzi, masamba okongoletsa amene ukupanga pa shaweloyo amakhota onse. Ba mayo akatsokomola ndinkaponya singano pansi, pobwerera ndaiwala pomwe ndinali, n'kuyamba kumasula. Kenaka iwo anayamba kundigwirira mpira wa ulusi ndi dzanja lamanzere, n'kumaumasula pang'onopang'ono ndikakoka. Tinkatha masana onse chomwecho, tikumva mabasi akulira kumsewu.

Shawelo ikachoka pa singano imaoneka ngati sanza. Umaichapa, n'kuitambasula pa matiresi ndi mapini, pamenepo masamba onse amatseguka. Yoyamba kutuluka bwino, yoyera, mnzanga uja anaivala ku ukwati. Kumeneko mayi wina wa ku Kabwata anaiona. Iye ndi anzake amasonkhana Loweruka kuluka ndi kucheza, ndipo anatuma uthenga kuti ndipite ndikawasonyeze.

Ndinawaimbira alamu anga aakulu kuti adzakhale ndi ba mayo Loweruka m'mawa. "Palibe vuto, mulamu, nizabwela kuseni," anatero.

Loweruka ndinawasambitsa ba mayo m'mamawa, ndinasita diresi la kuntchito lomwe linali litayamba kundithina, ndinaika singano ndi ulusi m'chikwama. Ndinakhala pampando pambali pa bedi, nsapato kuphazi. Dzuwa linakwera. Foni ya alamu anga inkangoitana. Masana atayandikira anayankha, kumbuyo kukumveka nyimbo.

"Iyee mulamu, naibala! Tili ku kicheni pate ku Woodlands. Sabata ya mawa, ka?"

Sindinalire. Ndinawerama kuti ndivule nsapato, ndipo mpira wa ulusi unandigunda paphewa. Ba mayo anali atandigenda nawo.

"Kabiye," anatero. Liwu limenelo ndinkalidziwa, ankandiuza kuti ndipite.

"Ba mayo, muzasala na ndani?"

"Kabiye!"

Ndinawagoneka cham'mbali, ndinawatsamiritsa mapilo, ndinakhoma chitseko. Ndinayenda mpaka pa siteji. Fungo la chimanga chootcha, fumbi, azimayi a tomato, zonse zinali ngati ndafika dziko lina. Basi inaima, kondakitala akukuwa, "Tauni! Tauni! Tiyeni mami!" Mpaka anandilanda chikwama. Ndinaponda pakhomo la basiyo, koma m'makutu ndinkangomva kutsokomola kuja, ndi kiyi wa nyumba ali m'manja mwanga. Ndinatenga chikwama changa n'kutsika. Kondakitala anandinyogodola, basi inapita.

Ba mayo ndinawapeza ali bwinobwino, monga ndinawasiyira. Atandiona pakhomo anatseka maso, ndipo tsiku limenelo anakana phala. Sindidziwa ngati anakwiyira ine, ana awo, kapena thupi lawo lomwe.

Alamu anga sanabwere sabata yotsatirayo. Amayi a ku Kabwata aja anandiimbira kangapo, kenaka anatopa. Mnzanga wa ku mpingo amanditumizira zithunzi zawo ali pansi pa mtengo wa mango, akuseka, singano zili m'manja. Mmodzi akuyesa masamba anga poonera pa shawelo ija, ndipo pachithunzipo ndimaona pomwe akulakwitsa.