Mapesi Amene Ndinaotchera Mbewa

Chaka cha chilala chija, gulu lathu la alimi ku Chidzolomondo linagwirizana zoyala mapesi m'minda kuti nthaka izisunga chinyezi. Aliyense analonjeza kuti sadzatentha. Ine ndinalonjeza mokweza kuposa onse.

Koma pansi pa mapesi angawo panadzaza mauna a mbewa, ndipo kunyumba ndiwo zinali zitasowa. Ndinati ndingoyatsa pangodya pokha. Utsi utayamba kukwera, ndinakhala pachulu n'kumauyang'ana. Unkaoneka ngati mitambo ya mvula ikutsika m'mapiri a ku Furancungo, mpaka ndinayamba kumva kafungo ka dothi lonyowa, m'maso mwanga chimanga chitamasula kale ngayaye. Podzidzimuka, munda wonse unali phulusa. Ndinapha mbewa ziwiri.

"Mphepo ndiyo yabweretsa motowu, amayi," ndinawauza a Nachisale, otsogolera gululo, nsidze zanga zili zowauka. Anandiyang'ana pamphumi n'kungoti, "Pasiyensiya, bambo, pepani."

Mvula inagwa yochepa. Chimanga chawo chinapirira, changa chinafota chisanabereke. Atakolola, a Nachisale anafika ndi dengu la chimanga pamutu, n'kulitula pakhomo panga.

"Ichi n'cha ana," anatero. "Mphepo ija idye mbewa zake."